Timagetsi Tikayaka, Ntchito Ndiye Yayamba

Kuyatsa rauta si nkhani. Ukaitulutsa m'katoni, n'kulowetsa simukhadi, n'kubaya pulagi pakhoma, sipatha mphindi zitatu timagetsi tapatsogolo pake tisanayake. Foni imagwira Wi-Fi, mauthenga a WhatsApp n'kuyamba kulowa, ana n'kuwomba m'manja. Ambiri amalekera pomwepo, ndipo palibe chowanenera, poti chimene amafuna chatheka. Koma alipo amisiri ena, owerengeka ndithu, amene timagetsi tikayaka m'pamene amapempha mpando n'kutsegula chikwama. Mmodzi wa iwo ndinamuona akugwira ntchito ku Chintheche, ndipo kagwiridwe kake n'kofunika kukafotokoza mosathamanga, chifukwa zambiri zimene anachita sizioneka ndi maso ntchito ikatha.

Chintheche ili m'mbali mwa msewu wa M5, pafupifupi makilomita 40 kummwera kwa boma la Nkhata Bay. Ndi dera la mvula yambiri, la mitengo ikuluikulu ya mango, la chinangwa ndi kondowole. Ndi deranso la anthu oyenda. Amishoni a Livingstonia atasamukira ku Bandawe mu 1881 anatsegula masukulu, ndipo anthu ophunzira a kuno anayamba kale kwambiri kupita kukagwira ntchito kumaiko a kummwera. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali wa m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe pomwepa. Njira imeneyo sinamere udzu mpaka lero. Makomo ambiri ali ndi mwana, mlongo kapena mwamuna ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town. Agogo athu ankadikira kalata miyezi. Zidzukulu zawo zimafuna kuonana nkhope pafoni Lamlungu madzulo. Choncho rauta pakhomo la kuno si chinthu chodzionetsera nacho. Kawirikawiri imabwera m'katundu wa pa basi ya ku Joni itakulungidwa m'bulangete, kapena imagulidwa ku Mzuzu ndi ndalama zotumizidwa.

Ya pakhomo limene ndikunenali inabwera pa basi. Mwini nyumba ndi mayi wachikulire, mphunzitsi wopuma pantchito, amene amakhala ndi adzukulu atatu m'nyumba ya njerwa zootcha ndi malata, yosatalikira kunyanja. Mmisiriyo ndi mnyamata wokonza mafoni pamsika, ndipo anafika pa kabaza wa njinga yamoto ali ndi laputopu, kamita koyezera magetsi, waya wautali wa soketi, tepi yakuda ndi kope la sukulu. Macheza awo anali m'Chitonga chosakanizika ndi Chichewa.

Katoni sanaikhudze msanga. Atamwa madzi anayamba ndi mafunso. “Ama, mukamalankhula ndi mwana wanu mumakhala pati?” Mayiwo analoza pakhonde. Mafoni alipo angati pakhomo pano? Alipo wa sukulu amene amagwiritsa ntchito kompyuta? Magetsi akathima mumatani, muli ndi sola? Ndani amagula bandulo, inu kapena a ku Joniwo? Kenako funso limene mayiwo anayankha ndi kuseka: “Nanga a nyumba iyo akadzapempha pasiwedi, mudzawakaniza?”

“Iwe mwanangu, ine ndingamukanize bwanji mwana wa mlamu wanga?”

Mmisiriyo anagwedeza mutu n'kulemba kanthu m'kope. Yankho limeneli ndi limene linatsogolera theka la ntchito yake masanawo.

Atatsegula katoni anayamba kuyang'ana pulagi. Ya ku South Africa siilowa m'masoketi athu a mano atatu afulati, ndipo anthu ambiri amangokanikiza ndi kamtengo kuti ilowe mokakamiza. Iye anaikapo adaputala yogwira bwino, n'kuwerenga timalemba tapachaja: mavolti 12. Anayeza ndi kamita kuti atsimikize. Anati chaja choyambirira chikatayika kapena kupsa, anthu amatola chilichonse chimene chalowa pabowo, ndipo rauta imayamba kuzima yokha n'kumayakanso, eni ake n'kumadandaula za netiweki pamene vuto lili pachaja. Anaonanso ngati rautayo inali yokiyidwa. Marauta ena ogulidwa kumakampani a mafoni a ku South Africa amakana simukhadi ya kampani ina, ndipo akafika kuno sagwira Airtel kapena TNM mpaka atsekulidwe. Iyi inali yomasuka. Anaikamo simukhadi, n'kulemba APN (dzina lolowera pa intaneti) imene kampani ya kuno imafuna, kamagetsi ka netiweki n'kusintha mtundu.

Apa m'pamene panayambira gawo limene ndinalikonda koposa, kufunafuna malo. Mayiwo anali atakonza kale kansalu kokongola pa kabati ya TV. Mnyamatayo anayamikira kansaluko mwaulemu, koma rauta sanaiike pamenepo. Anaibaya ku waya wautali uja n'kuyamba kuyenda nayo m'nyumba, laputopu kudzanja linalo, akuima pazenera lililonse mphindi imodzi kapena ziwiri. Timizere ta netiweki timene tonsefe timadalira sankatiyang'ana n'komwe. Ankawerenga manambala awiri patsamba la rautayo. Yoyamba, RSRP, imasonyeza mphamvu ya netiweki yochokera kunsanja, ndipo imalembedwa ndi kamzere kochotsera kutsogolo: -85 ndi yabwino, -110 ndi yofooka. Yachiwiri, SINR, imasonyeza ngati netiwekiyo ikufika yoyera kapena yosokonezeka ndi phokoso la mafunde ena. Anandiuza kuti timizere tikhoza kudzaza koma kanema wa pafoni n'kumadukaduka, chifukwa mphamvu ilipo koma ndi yaphokoso. Pa kabati ya TV manambala anali ofooka. Pazenera loyang'ana kunyanja, limene aliyense akanasankha chifukwa palibe chotchinga, anakwerako pang'ono. Anakwera kwenikweni pa kazenera ka m'kanjira kapakati, koyang'ana kumtunda kumene kuli msewu. Anasuntha rautayo kutalika kwa chikhatho, n'kudikira. Anaitembenuza pang'ono, n'kudikiranso. Munthu wosadziwa akanati akutaya nthawi, koma nambala yachiwiri ija inkasintha pamaso pathu.

Chimene chimapangitsa kuti gawo limeneli likhale laluso n'chakuti rauta ya simukhadi imatumikira mbali ziwiri zimene sizigwirizana nthawi zonse. Iyenera kumva nsanja imene ili kutali, iyeneranso kumveka ndi mafoni amene ali m'nyumba. Malo abwino kumvera nsanja akhoza kukhala pakona imene Wi-Fi yake siifika pakhonde. Choncho atapeza kazenerako anapereka foni yake kwa mdzukulu wamkulu, mtsikana wa Fomu 3, n'kumutuma pakhonde, kuchipinda kwa agogo ake, kukhitchini yakuseri, akumufunsa mokweza mawu kuti kanema akuyenda bwanji. Mafunde a Wi-Fi amafooka akamadutsa njerwa zootcha, malata amawabweza, ndipo madzi amawameza. Mgolo wa madzi m'kanjira, firiji, ngakhale masamba onyowa a mango pakati pa nyumba ndi khitchini, zonsezi zimadya mphamvu yake. Rautayo inali ndi mafunde amitundu iwiri, a 2.4 GHz ndi a 5 GHz. A 5 GHz amathamanga koma makoma awiri amawagonjetsa, a 2.4 GHz ndi odekha koma amafika patali, ndipo mafoni otchipa ambiri amamva amenewa okha. Anasiya onse awiri ali oyaka. Nkhani ya matchanelo, imene imavutitsa anthu a m'mafulati a ku Lilongwe kumene marauta khumi amalimbirana tchanelo 1, 6 ndi 11, anangoiyang'ana kamphindi. Pafupi panalibe Wi-Fi ina yolimbana nayo, choncho sanasinthe kanthu. Kusasintha chinthu chimene chili bwino ndi mbali ina ya luso limene ndikunena.

Anakhoma kathabwa koikapo rautayo pamwamba, pamene mwana wamng'ono sangafike, n'kusiya mpata pakati pa rauta ndi khoma kuti mphepo izipita. Kansalu kaja anakasiya pa kabati, n'kupempha kuti asadzafunditse nako rautayo ngakhale fumbi litachuluka, chifukwa timabowo tapansi ndi tam'mbali n'totulutsira kutentha, ndipo kutentha kwa kunyanja mu Okutobala ndi Novembala sikufuna kuwonjezera.

Kenako anakhala pansi n'kutsegula tsamba loyendetsera rauta, limene munthu amalipeza polemba manambala onga 192.168.8.1 kapena 192.168.0.1 pa foni kapena kompyuta yolumikizidwa. Apa pali chinthu chimene eni marauta ambiri sadziwa: mapasiwedi ndi awiri. Ina ndi ya Wi-Fi, imene aliyense amapempha. Inayo ndi ya tsamba limeneli, ndipo pamarauta ambiri, makamaka akalekale, imachoka kufakitale ili “admin”. Aliyense amene walowa pa Wi-Fi yanu akhoza kutsegula tsambali, ndipo akalowa akhoza kusintha pasiwedi ya Wi-Fi n'kukutsekerani kunja m'nyumba mwanu momwe, akhoza kupatutsa intaneti yanu kuti izikufikitsani kumasamba abodza, akhozanso kuwerenga ma SMS onse obwera pa simukhadi ili m'katimo.

Pa mfundo ya ma SMS imeneyi anaima n'kufunsa: “Ama, simukhadi iyi ndi imene mumalandirira ndalama?” Inali yomweyo. Mayiwo anaichotsa m'foni yawo m'mawa womwewo poganiza kuti bola ili ndi mayunitsi. Mmisiriyo anaitulutsa n'kuibwezera m'foni. Anati simukhadi ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, kapena imene banki imatumizako manambala achinsinsi otsimikizira, siyenera kugona mu rauta, chifukwa uthenga uliwonse wa ndalama ungawerengedwe ndi amene walowa patsamba lija. Anatuma mdzukulu kukatenga ina imene mayiwo anailembetsa m'dzina lawo koma sankaigwiritsa ntchito. Malangizo amenewa sindinawaonepo pa kapepala ka m'katoni. Amachokera kwa munthu amene amadziwa mmene ndalama zimayendera pamakomo athu.

Wina angati pasiwedi ya kufakitale ndi nkhawa ya anthu a m'mizinda ya kunja. Mbiri ikukana. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inayenda pa intaneti ikuyesa mayina ndi mapasiwedi a kufakitale okwana pafupifupi 60 pa makamera ndi marauta a m'nyumba za anthu, ndipo inagwira zipangizo mazana a zikwi. Eni ake sankadziwa kanthu. Zipangizo zawo zinkangogwiritsidwa ntchito kuponya katundu wochuluka pa makompyuta a ena mpaka agwe. Chakumapeto kwa chaka chomwecho gulu la zipangizo zogwidwa motere linagwiritsidwa ntchito polimbana ndi kampani ya mafoni ya Lonestar ku Liberia, ndipo intaneti ya dzikolo inasokonezeka. Amene anachita zimenezi, Daniel Kaye wa ku Britain, anamangidwa ndi khoti la ku London mu 2019. Pulogalamu yotere siifunsa ngati rauta ili ku Berlin kapena ku Bandawe. Imangoyesa khomo lililonse limene yapeza. N'chifukwa chake atasintha pasiwedi ya tsambalo, mmisiriyo anathimitsanso mbali yolola kuyendetsa rauta uli kutali kudzera pa intaneti, n'kuona ngati kampani yopanga inatulutsa pulogalamu yatsopano yotseka ziboo zimene zinapezeka. Inalipo. Anaiika akuyang'anitsitsa soketi, chifukwa magetsi akathima pulogalamuyo ili pakati, rauta ikhoza osadzukanso. Asanayambe anali atalumikiza kale rautayo ku kabatire kosunga magetsi.

Dzina la Wi-Fi analisinthanso. La kufakitale limaulula mtundu wa rauta, ndipo wodziwa mtundu amadziwa zofooka zake. Mdzukulu wamng'ono ankafuna dzina la banja lawo, koma mmisiriyo anati dzina limeneli limaoneka pa foni ya aliyense wodutsa pamsewu, ndipo palibe chifukwa cholengezera kuti nyumba yakutiyakuti muli zipangizo. Anasankha liwu wamba losaloza munthu.

Pa mtundu wa loko sanazengereze. Njira yakale ya WEP inadziwika kuti ndi yoboola kuyambira 2001, ndipo lero imathyoledwa m'mphindi zochepa. WPA2 inabwera mu 2004, WPA3 mu 2018. Rautayo inali nazo zonse ziwiri zatsopanozi, koma foni ya mayiwo inakana WPA3 yokha, choncho anasankha yophatikiza, kuti foni yatsopano igwiritse ntchito loko watsopano, yakale igwiritse WPA2. Batani la WPS, lija lolumikizira popanda kulemba pasiwedi, analithimitsa. Nambala yake yachinsinsi ili ndi manambala 8, ndipo munthu angaganize kuti kuilota n'kosatheka, koma mu Disembala 2011 Stefan Viehböck anaonetsa kuti rauta imayankha theka loyamba palokha ndi lachiwiri palokha, moti kuyesa kosapitirira 11,000 n'kokwanira. Zimenezi kompyuta imazichita usiku umodzi.

Pasiwedi ya Wi-Fi inatenga nthawi yaitali kuposa zonsezi, ndipo inali nthawi yogwiritsidwa bwino. Mayiwo anayamba ndi nambala yawo ya foni, monga amachitira anthu ambiri. Mnyamatayo anawafotokozera modekha. Nambala ya foni ya kuno ikayamba ndi 099 kapena 088, otsala ndi manambala 7 okha, kutanthauza njira 10 miliyoni, ndipo kompyuta yabwino imazitsiriza m'mphindi zowerengeka. Komanso mudzi wonse nambalayo ukuidziwa. Dzina la mdzukulu ndi chaka chake chobadwa n'chimodzimodzi. Mphamvu ya pasiwedi ili m'kutalika kwake, ndipo WPA2 imalola zilembo kuyambira 8 mpaka 63. Anawapempha kuti aganize mawu anayi kapena asanu a Chitonga osagwirizana, oti sapanga chiganizo, osachokera m'nyimbo kapena m'vesi, n'kuikapo manambala pakati. Zizindikiro zachilendo zimene akatswiri ena amakonda sanazikakamize. Anati pasiwedi imene mwini wake sangathe kuilemba ndi zala zake pa foni yake imathera pa kapepala komatidwa pa rauta pomwepo, kapena imasinthidwa n'kukhala 12345678 iye akangochoka. Apa ndinagwirizana naye ndi mtima wonse. Chitetezo chimene mwini nyumba sangakhale nacho tsiku ndi tsiku sichikhalitsa.

Tsopano tibwerere kwa mwana wa mlamu uja. Zoona zake n'zakuti ku Chintheche amene adzamalize bandulo ya mayiwa si wakuba wa kutsidya kwa nyanja zamchere. Ndi mnyamata wabwinobwino wa pafupi, amene anapatsidwa pasiwedi tsiku lina kuti atumize kalata yofunsira ntchito. Iye anapatsako mnzake, mnzakeyo anapatsako ena awiri, ndipo madzulo pansi pa mtengo wa mango wakuseri pamakhala anyamata asanu akuonera mpira. Masiku ano safunikanso kuitchula pasiwediyo. Kuyambira pa Android 10, imene inatuluka mu 2019, foni yolumikizidwa imaonetsa kachithunzi ka QR kamene mnzako amangojambula n'kulowa. Malangizo olembedwa kunja amangoti musapatse munthu pasiwedi. Amene analemba zimenezo sakhala pamudzi pamene mumabwerekana mchere, mumakhalira limodzi pamaliro, ndipo amene mwamukaniza Wi-Fi lero ndi amene adzakunyamulireni kuchipatala usiku.

Mmisiriyo sanauze mayiwo kuti aphunzire kumana. Anatsegula Wi-Fi yachiwiri, ya alendo, imene marauta ambiri ali nayo koma siigwiritsidwa ntchito. Ili ndi dzina lake ndi pasiwedi yake. Wolowera pamenepo amapeza intaneti, koma saona tsamba loyendetsera rauta, saonanso laputopu kapena mafoni a m'nyumba. Anachepetsa liwiro lake kuti likwanire WhatsApp, kutumiza kalata ndi kuwerenga, koma osati kukopera mafilimu, ndipo anaika malire a mafoni atatu pa nthawi imodzi. Anawafotokozera motere: “Ama, mlendo mumamulandira pakhonde, mumamupatsa mpando ndi madzi, koma kuchipinda simumulowetsa. Iyi ndi ya pakhonde. Aliyense wopempha mupatseni iyi. Mwezi ukatha muisinthe, amene akuifunadi adzabweranso kudzapempha.” Mayiwo anamva nthawi yomweyo. Ulemu wawo pamudzi unatsala wathunthu, bandulo yawo inatetezeka, ndipo sadzafunika kukangana ndi munthu.

Panali njira ina imene akanatsata, yolemba m'ndandanda nambala ya MAC ya foni iliyonse yololedwa. Anaikana, ndipo zifukwa zake zinali zomveka. Mafoni atsopano amasintha nambala imeneyi dala pofuna kubisa mwini wake, wodziwa akhoza kuibera, ndipo mwana wa ku Joni akadzabwera pa Khirisimasi ndi foni yatsopano, banja lonse lidzafunika kuitananso mmisiri. Ntchito yotere imabweretsa ndalama kwa mmisiri, koma siithandiza mwini nyumba.

Anawakumbutsanso mbali ya malamulo, mwachidule. Kuyambira 2018, pamene MACRA inalamula kuti simukhadi iliyonse ilembetsedwe, nambala imaloza munthu. Chilichonse chochitika kudzera pa rauta iyi chimaoneka ngati chachokera pa simukhadi ya mayiwo. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makompyuta a ena popanda chilolezo ndiponso kuzunza anthu pa intaneti, ndipo ngati mlendo wosadziwika atachita zotere ali pa Wi-Fi yanu, oyamba kufunsidwa ndi inu. Sanawaopseze. Anangoti n'chifukwa chake ngakhale ya pakhonde iyenera kukhala ndi pasiwedi, ndipo opatsidwa akhale anthu owadziwa nkhope.

Bandulo imathanso popanda wakuba aliyense. Foni ikaona Wi-Fi imaganiza kuti intaneti ndi yaulere, ndipo usiku imayamba kukonzanso mapulogalamu ake onse ndi kutumiza zithunzi zonse kosungira. Laputopu ya Windows ndiye imaposa. Anatenga foni iliyonse ya pakhomopo, mwini wake ali pambali, n'kuiuza kuti Wi-Fi iyi ndi yolipira pa mlingo. Anachita chimodzimodzi pa laputopu ya mdzukulu, n'kuthimitsa zoti WhatsApp izikopera yokha mavidiyo a m'magulu a mpingo ndi a banja. Pa rauta anaika mlingo wa mwezi kuti izichenjeza bandulo ikatsala pang'ono. Kuyambira 2023 Starlink ikupezeka m'Malawi, ndipo ena m'mbali mwa nyanja, makamaka a malo ogona alendo, anaika mbale zake padenga. Kumeneko nkhawa ya bandulo imachepa, koma za mapasiwedi awiri, za Wi-Fi ya alendo ndi za malo oika rauta sizisintha.

Dzuwa litapendeka anatembenukira kwa adani amene si anthu. Rauta imadya magetsi ochepa, mawati osapitirira khumi pa yamtundu uwu, ndipo popeza imafuna mavolti 12, kabatire kakang'ono kokhala pakati pa chaja ndi rauta kamaisunga ili moyo maola angapo magetsi a ESCOM akathima. Kamaitetezanso ku kugunda kwa magetsi akamabwera. Za mphenzi analankhula mosabisa: kasoketi koteteza kamathandiza pa kugunda kwakung'ono, koma mvula ya ziphaliwali ikamachokera kunyanja, chotsani pulagi pakhoma, basi. Anati amene amakweza eriyo pa mlongoti kuti akoke netiweki ayenera kukumbira waya wopita m'nthaka, apo ayi waya wa eriyoyo ndi umene udzalowetse mphenzi m'nyumba. Nyumba iyi eriyo sinkafunika, ndipo ananena choncho, ngakhale akanatha kuwagulitsa. Anatchulanso nyerere, zimene zimakonda kumanga m'zipangizo zofunda, ndi nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja n'kudzaza pamene pali kuwala. Anathimitsa timagetsi tapatsogolo kudzera patsamba lija kuti tisaziitane usiku, n'kunena kuti kamodzi pamwezi azipukuta timabowo ndi kaburashi kouma.

Mapasiwedi onse atatu, ya tsamba, ya m'nyumba ndi ya pakhonde, anali asanamalizidwe mpaka apa. Ankagwiritsa ntchito ongoyembekezera. Anatembenuzira laputopu kwa mayiwo, n'kuwaonetsa pamene alembe, iye n'kudzuka kukaima pakhomo atayang'ana kunja. Analemba okha, pang'onopang'ono, mdzukulu wamkulu akuwathandiza kupeza zilembo. Atamaliza anawapempha kuti awalembenso ndi cholembera m'kabuku kamene amasungamo za kubanki ndi za penshoni, osati pakhoma kapena pansi pa rauta. Mayiwo anadabwa. “Nanga iwe ukapanda kuidziwa, zikavuta tidzatani?” Iye anati zikadzavuta adzabwera, iwo adzalemba okha monga achitira lero, ndipo iye adzakonza iwo akuona. Amisiri ena amasunga pasiwedi ya tsamba kuti kasitomala asapite kwa wina. Uyu anafufuta Wi-Fi ya pakhomopo pa laputopu yake ndi pa foni yake asananyamuke, mayiwo akuona.

Chotsiriza chinali kuphunzitsa. Anaonetsa mtsikana wa Fomu 3 uja tsamba limene limandandalika zipangizo zonse zolumikizidwa, n'kumuuza kuti atchule mwini wa chilichonse. Zinalipo zisanu, ndipo anazidziwa zonse. Anamuonetsa mmene angachotsere chachilendo, ndi mmene angasinthire pasiwedi ya pakhonde, n'kumuuza kuti achite yekha kawiri iye atapinda manja. Anawaonetsanso onse kabowo kakang'ono kakumbuyo kolembedwa Reset. Anati intaneti ikavuta, choyamba aone ngati bandulo ilipo, chachiwiri azimitse rauta n'kudikira theka la mphindi asanayatse, ndipo zikakanika amuimbire. Kabowoko asakabaye ndi singano ngakhale mnzawo wa kusukulu atawauza kuti ndiye mankhwala, chifukwa kamafufuta zonse za masanawo n'kubwezera dzina ndi mapasiwedi a kufakitale, amene alembedwa pa kapepala kapansi pa rauta. Kapepala kameneko anakajambula pa foni ya mayiwo kuti kadzathandize tsiku lotero likadzafika, kenako n'kukaphimba ndi tepi yakuda.